Kodi uta wautali ndiye umalasa bwino? Za mkangano wa pa doko uja

Amene munalipo sabata yatha mukukumbuka. Mwera unakana masiku atatu, maboti onse ali pamchenga, ife tili pansi pa mtengo kuonera filimu ya nkhondo zakale pa foni imodzi anthu khumi. Ndiye mkangano unabuka. Ena akuti uta wautali ndi umene umalasa, waufupi ndi choseweretsa ana. Ena akuti ayi, onani anyamata a pa mahatchi aja, mauta awo ndi afupiafupi koma saphonya. Anthu awiri anafika pobetcherana ndowa ya usipa. Ine ndinakhala chete chifukwa injini imene ndinali nayo m'manja inali itandizunguza mutu, koma nkhaniyo sinandichoke. Ndiye nayi, werengani modekha, ndi yaitali ngati uta womwewo.

Ndiyambe ndi yankho kuti aulesi asavutike. Uta wautali umakhululuka, ukalakwitsa pang'ono muvi supatuka kwambiri. Izi ndi zoona. Koma kutalika pakokha sikulasa. Mtundu uliwonse wa anthu unasankha kutalika kwa uta poona mtengo umene uli nawo, malo amene ukuimapo, ndi mtunda umene ungathe kuyandikira chimene ukufuna kupha. Mukamva mbiri yake muona kuti onse awiri obetcherana aja aliyense wagwira theka la nsomba.

Tiyambe ndi mmene uta umagwirira ntchito. Munthu wamkulu akakoka nsinga kufika pa tsaya, amakoka pafupifupi masentimita 70. Mtunda umenewu susintha, kaya uta ndi wautali kaya waufupi, chifukwa ndi mkono wako. Tsopano taganizani. Pa uta wautali, nsinga ikakokedwa imapanga ngodya yotambasuka, zala zitatu zimakhala momasuka. Pa uta waufupi ngodyayo imakhala yakuthwa, nsinga imapanikiza zala pamodzi ndi thako la muvi. Potaya, nsinga sichoka bwino m'zala, imakankhira muvi kumbali. Pa manja kupatukako ndi kochepa kwambiri, koma pa mapazi makumi atatu ndi kuphonya gwape yense.

Chachiwiri, uta waufupi wa mtengo umauma mwadzidzidzi kumapeto. Umayamba kukoka mofewa, kenaka pafupi ndi tsaya umakana ngati bawuti yadzimbiri. Pamenepo ukakoka mopitirira pang'ono kapena kuperewera pang'ono, mphamvu imasintha kwambiri, muvi wina upita m'mwamba wina pansi. Uta wautali mphamvu yake imakwera pang'onopang'ono, ndiye mivi imagwa moyandikana.

Chachitatu mumachidziwa kale inu a kunyanja. Kabwato kakafupi ukangopalasa kamodzi katembenuka, pamene bwato lalitali limasunga njira. Nsungwi yaitali ukaigwira pakati sichedwa kukhazikika, sigwedezeka ndi kunjenjemera kwa dzanja. Uta nawo chimodzimodzi. Ndi chifukwa chake pa masewero a Olympics, pamene amalasa chandamale chili pa mamita 70 ndipo kabwalo ka pakati ndi masentimita 12.2 okha, mauta ambiri amakhala a mainchesi 66 mpaka 70, kutalika ngati munthu. Pamenepa a uta wautali mukhoza kuwomba m'manja. Koma musathamangire ndowa ija.

Tipite ku England, kwawo kwa uta wautali wotchuka uja. Pa 19 July 1545 sitima ya nkhondo ya mfumu Henry VIII, dzina lake Mary Rose, inamira pafupi ndi Portsmouth. Inakhala m'matope zaka zoposa 400 mpaka anaivuula mu 1982. Matope anasunga zinthu. Anapezamo mauta athunthu 137 ndi mivi yoposa 3,500. Kutalika kwa mautawo kunali pakati pa mamita 1.87 ndi 2.11, kuposa eni ake. Akatswiri atayeza anayerekeza kuti ambiri ankafuna mphamvu ya makilogalamu 45 mpaka 80 kuti akokedwe. Taganizani kunyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi zala zitatu, osati kamodzi koma kambirimbiri. Mafupa a anthu ena amene anamira m'sitimamo akuonetsa mapewa osinthika chifukwa cha ntchito yolemetsa kuyambira ubwana.

Funso ndi lakuti, anawatalikitsiranji? Chifukwa chachikulu chinali mtengo. Uta wosemedwa ku mtengo umodzi ukaupinda kwambiri umathyoka, kapena umapindikiratu osabwereranso. Osema mauta amadziwa kuti uta wotere uyenera kutalika kuposa kawiri mtunda umene ukukoka. Ukafuna mphamvu yoboola zovala za nkhondo, mtengo uyenera kukhala wonenepa, ndipo mtengo wonenepa kuti upindike osathyoka uyenera kutalika. Iwo ankagwiritsa ntchito mtengo wotchedwa yew, umene mtima wake umapirira kufinyidwa pamene mnofu woyera wa kunja umapirira kutamuka. Ankaufuna kwambiri moti mu 1472 anaika lamulo lakuti sitima za malonda zobwera ku England zizibweretsanso mitengo ya mauta. Choncho kutalika kunabwera chifukwa cha mphamvu, kukhazikika kuja kunali basera.

Ndipo pa nkhondo sankasankha diso la munthu ngati m'mafilimu. Ku Crécy mu 1346 ndi ku Agincourt pa 25 October 1415, zikwi za olasa zinkaponyera mivi pa chikhamu cha anthu ndi mahatchi. Ku Agincourt asilikali a France anayenda m'munda wolimidwa, mvula itagwa, matope m'miyendo, zitsulo zolemera m'thupi, mivi ikugwa. Zili ngati chilimira, sufuna usipa umodzi, ukuzinga gulu.

Chimene chinapangitsa anthuwa kukhala akatswiri ndi chizolowezi. Mu 1363 mfumu Edward III inalamula kuti amuna aziphunzira uta Lamulungu ndi masiku a tchuthi, ndipo inaletsa masewero ena kuphatikizapo mpira wa miyendo. Eya, dziko lomwelo la Manchester United ndi Arsenal linaletsapo mpira kuti anyamata asaiwale uta. Mfuti zitabwera uta unagonja, ngakhale mfuti zoyambazo zinkachedwa ndiponso zinkaphonya. Chifukwa chake n'chakuti mfuti munthu amaphunzira m'masabata, uta wa nkhondo umafuna zaka.

Tsopano tiwoloke kupita ku zigwa za Mongolia, kwa anyamata a pa mahatchi aja, nthawi ya Genghis Khan amene anamwalira mu 1227. Kumeneko uta wa mamita awiri pa msana wa hatchi ndi mtolo, makamaka ukafuna kutembenuka n'kulasa kumbuyo hatchi ikuthamanga. Iwo anafupikitsa uta, koma anadziwa kuti mtengo wokha ungathyoke. Ndiye anaphatikiza zinthu zitatu. Pakati mtengo, mbali yoyang'ana wolasa anamata nyanga chifukwa nyanga imapirira kufinyidwa, mbali ya kunja anamata mitsempha ya nyama chifukwa imatamuka n'kubwerera. Zomatira zake, ndipo apa asodzi mumve, m'mayiko ambiri a ku Asia zinkachokera ku thumba la mpweya la m'mimba mwa nsomba, lija timataya tikamatumbula. Uta umodzi unkatenga miyezi yambiri, mwina chaka, kuti uume bwino.

Nanga vuto lopanikiza zala lija? Analithetsa posintha kagwiridwe. M'malo mwa zala zitatu ankakoka ndi chala chachikulu chokha, atavala mphete ya nyanga kapena fupa. Chala chimodzi chimakwana pa ngodya yakuthwa. Vuto louma kumapeto analichepetsa poika nsonga zolimba zopindikira kutsogolo, zimene zimagwira ntchito ngati paipi imene timalumikiza ku sipanala bawuti ikakana. Pali mwala wolembedwa cha m'ma 1225, umene uli ku nyumba yosungira zakale ya Hermitage ku Saint Petersburg, wonena za Yisüngge, mwana wa m'bale wake wa Genghis Khan, kuti anaponya muvi mtunda umene masiku ano amauwerengera kupitirira mamita 500. Kumeneko ndi kuponya patali osati kulasa chandamale, koma kukuonetsa kuti kufupika si kufooka.

Uta wotere uli ndi mdani mmodzi, chinyontho. Zomatira zija zikanyowa zimafewa. Kuno kwathu nthawi ya dzinja, kapena m'bwato mafunde akulowa, sukanachedwa kumatuka.

Kuti musaganize kuti hatchi nthawi zonse imafuna uta waufupi, a ku Japan anachita zawozawo. Uta wawo, yumi, umapitirira mamita awiri, ndipo ankalasa nawo ali pa hatchi. Chogwirira anachitsitsa, sichili pakati, mbali ya pansi ndi yaifupi ya m'mwamba yaitali. Vuto limodzi, mayankho awiri.

Tibwere ku Africa kuno, kumene nkhani ya kusaka ikuonekera bwino. Ku chipululu cha Kalahari, ku Botswana ndi Namibia, kuli anthu a mtundu wa San. Uta wawo ndi waung'ono, pafupifupi mita imodzi, wofewa moti mwana wa sukulu akhoza kuukoka, ndipo mivi yambiri ilibe nthenga. Mukauona mukhoza kuseka. Koma ndi umenewo amagwetsa nawo ntchefu ndi nyamalikiti. Nzeru yawo ili pawiri. Choyamba amawenda, kukwawa ndi mimba, mphepo ikuchokera ku nyama kubwera kwa iwo, mpaka atsale mamita ngati 25 kapena kucheperapo. Chachiwiri ndi ulembe umene amafinya ku mphutsi za kachilombo kena zimene amakumba pansi pa zitsamba. Muvi sufunika kulowa mu mtima, ungoboola chikopa basi. Kenaka amalondola mapazi maola ambiri, nthawi zina masiku, mpaka nyama igwe. Munthu amene akukwawa mu udzu waufupi, uta wa mamita awiri ungamuulule asanafike.

Ku Tanzania, pafupi ndi nyanja ya Eyasi, kuli Ahadza. Iwonso ndi alenje, iwonso amagwiritsa ntchito ulembe pa nyama zikuluzikulu, koma mauta awo ndi aatali, oyandikira msinkhu wa munthu, olimba kwambiri, nsinga yake ya mitsempha ya nyama, mivi yake ya nthenga. Amalasa chilichonse kuyambira mbalame ndi anyani mpaka mbidzi, ndiye amafuna muvi wothamanga ndi wowongoka. Ku nkhalango za Ituri ku Congo, kumene suona patali chifukwa cha masamba ndi zilambe, alenje ali ndi timauta tatifupi. Anthu atatu, onse amadya ndi uta, kutalika kosiyana, ndipo palibe amene angapite kwa mnzake kukamuuza kuti walakwitsa. Chimene amafanana n'chimodzi: palibe mlenje amene amadalira kulasa patali. Onse amayamba achepetsa mtunda. Pa mapazi khumi ndi asanu, ubwino wa uta wautali uja umatsala pang'ono kutheratu.

Nanga kwathu kuno? Musaiwale kuti ife ndi anthu a uta, mpaka chija chimaoneka kumwamba mvula ikakata timati utawaleza, uta wa Leza. Ndipo mwambi uja wakuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso sanaupeke anthu ongomva za mivi. Achewa ndi Amang'anja ankapita ku uzimba ndi ku nkhondo ndi uta wa mtengo ndi mivi ya bango ya mutu wachitsulo, chosulidwa ndi asuzi a m'mudzi momwemo.

David Livingstone atabwera pa ulendo wake wa Zambezi, kuyambira 1858 mpaka 1864, anali ndi dokotala wodziwa za zomera dzina lake John Kirk. Ku chigwa cha Shire anapeza alenje akupaka mivi ulembe wochokera ku njere za chomera choyanga chotchedwa kombe. Muvi wake unali wa nzeru. Mutu wachitsulo wa ngowe unkamangidwa pa kamtengo, kamtengoko n'kulowetsedwa m'bango. Nyama ikalasidwa n'kuthawira m'tchire, bango linkagwa, mutu wa ulembe n'kutsalira m'thupi. Nyama ikafa ankadula mnofu wozungulira bala n'kutaya, yotsalayo n'kudya. Kirk anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Tsiku lina atatsuka m'kamwa anamva kuwawa, kenaka anaona kuti mtima wake ukugunda mochedwa. Njere zinatumizidwa ku Britain, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh anazifufuza mpaka m'zaka za m'ma 1880 zinakhala mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Dzina la chomeracho m'mabuku a sayansi mpaka lero ndi Strophanthus kombe, ndi liwu lathu lomwelo. Nyasaland inafika pogulitsa njere za kombe kunja. Ndiye kuti makolo athu nawonso anayankha funso lanu lija mwanjira yawo: yandikira, lasa, ulembe umalize.

Uta wathu unagonja pawiri. Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, anabwera ndi zishango zazikulu za chikopa cha ng'ombe ndi nthungo yaifupi yobaya pafupi. Ankathamangira mdani mwa gulu, mivi ikumera pa zishango, ndipo wa uta akafikiridwa alibenso chochita. Kenaka amalonda a minyanga ndi akapolo, monga a Jumbe ku Nkhotakota ndi mafumu a Chiyao kumwera kwa nyanja, anadzaza dziko ndi mfuti za gogodela. Nkhani yomwe ija ya ku England inabwerezeka, chida chophunzira msanga chinapitikitsa chida chofuna zaka.

Ine sindinafune kungokhulupirira za m'mutu. Loweruka ndinadula nsungwi imodzi, ndinasema mauta awiri, wina wofika pa mphumi panga wina wofika m'chiuno, nsinga ya twaini wa ukonde, mivi ya bango, chandamale chigubu chakutha pamchenga. Pafupi, onse awiri ankamenya chigubu. Nditabwerera m'mbuyo, wautali unkaponya mivi moyandikana, waufupi unkamwaza ndipo zala zinatupa. Nditaukakamiza kufika pa tsaya unalira kuti phwa, n'kung'aluka. Koma nditalowa ndi wautali uja m'mabango, nsonga ya m'mwamba ikukola, ya pansi ikukumba matope. Nditakhala pansi m'bwato ndiye zosatheka n'komwe, pokhapokha kuugoneka cham'mbali. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi mivi. Bango lopindika kapena lofewa kwambiri limapita kwake ngakhale uta ukhale wabwino bwanji, chifukwa muvi umadzipinda pochoka ndipo kulimba kwake kuyenera kugwirizana ndi mphamvu ya uta. Nditawongola mabango pa moto n'kusankha olingana, zinasintha kuposa mmene kusintha uta kunasinthira.

Zinandikumbutsa funso limene mabwana a maboti amandifunsa mwezi ndi mwezi, lakuti injini yabwino ndi ya shafiti yaitali kapena yaifupi. Yaifupi ndi mainchesi 15, yaitali 20. Ndimawauza kuti tiyeze kaye kumbuyo kwa boti. Ukaika yaifupi pa boti lakuya, pulopela imamwa mpweya mafunde akakwera, injini imangolira boti osayenda. Ukaika yaitali pa boti losaya, imakoka madzi, imadya mafuta, imapala mchenga pokocheza. Injini zonse ziwiri ndi zabwino, cholakwika ndi kuika pa boti losayenera.

Tsopano chimene chandipweteka pa nkhani yonseyi. Agogo anga aamuna, bambo a amayi, sanali msodzi, anali a kumtunda. M'nyumba mwawo kudenga kunali uta, wakuda bii ndi mwaye, ndi mivi ingapo yopanda nthenga, njenjete zitadya. Tikapita ku tchuthi tinkauona tsiku lililonse. Sindinawafunsepo kuti mtengo wake ndi wanji, ankaudula mwezi uti, ankauumitsa bwanji, nsinga ankapota ndi chiyani, anauyeza ndi chiyani kuti ulingane ndi msinkhu wawo. Ndinali wotanganidwa ndi legeni. Atamwalira nyumba inagwa, ndipo utawo unapita pa moto pamodzi ndi mitengo ya denga. Lero ndikutha kukuuzani kutalika kwa uta wa munthu wa ku England amene anamira mu 1545, mpaka masentimita, koma wa agogo anga ondibereka mayi sindingathe. Awo matope anawasungira, ife tinasonkhezera nsima.

Musandimve molakwa, sindikuti tikasake ku Nkhotakota kapena ku Liwonde. Kumeneko ndi ndende, ndipo nyama zatsala zochepa ngati chambo. Za ulembe ndiye musayerekeze dala, kombe amaimitsa mtima wa munthu ngati wa njati. Ndikunena za kufunsa. M'midzi mwathu mukadali madala amene anapitako ku uzimba ali anyamata, ndipo foni imene mukuwerengera iyi imajambula mawu. Mukapita kumudzi, khalani nawo pansi, muwafunse mafunso amene ine sindinafunse. Funsaninso za bwato, mtengo wake, kasemedwe kake, chifukwa nalonso likupita njira yomweyo.

Za ndowa ya usipa ija, chigamulo changa ndi ichi. Ngati munabetcherana zolasa chigubu pamchenga poyera, patali, ndi uta wa mtengo, wa uta wautali watenga. Ngati munabetcherana zobwera ndi ndiwo kunyumba, funsani kaye kuti mukusaka kuti. Poti simunanene, gawanani pakati, ndipo mbale imodzi ibwere ku shedi kwanga, zala zanga zikadali zotupa chifukwa cha inu.

Amene ali ndi agogo odziwa mtengo wa uta, andiuze dzina la mtengowo, nsungwi yandikhumudwitsa. Tumizirani anzathu a ku madoko ena, mwina kumeneko aliko amene akudziwa.